Shuga akalowa m'maso: mdima wosagogoda ku Rustenburg

Palibe wogwira ntchito m'migodi ya platinum ku Rustenburg amene amatsika pansi popanda chiphaso cha dokotala, monga likunenera lamulo la zaumoyo m'migodi la 1996, ndipo maso ndi chimodzi mwa zoyezedwa. Kwa iye, komanso kwa Amalawi ogwira maganyu m'minda ndi m'masitolo a m'derali, diso ndilo khasu. Tsoka lake, matenda a shuga amaliwononga mwakachetechete, popanda ululu.

Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri, timitsempha ta pakachikopaka timavulala. Thupi limayesa kuti pali bala, choncho limatumiza asilikali ake, maselo oyera a magazi. Apa ndi pamene mlonda amasanduka mbala. Maselowo amamatirira m'makoma a timitsemphato, ndipo pamatuluka timadzi tonyamula uthenga wa kutupa, monga TNF-alpha ndi IL-6, toitana anzawo ena. Timitsempha tina timadontha, tina timatsekeka.

Retina ikasowa mpweya wa okosijeni imatulutsa puloteni yotchedwa VEGF yolamula kuti pamere mitsempha yatsopano. Kutupa kuja nako kumachulukitsa VEGF. Mitsemphayo imamera ngati kaufiti m'munda wa chimanga: yambirimbiri, koma yosabereka kanthu. Ndi yofooka, imaphulika n'kutaya magazi m'diso, ndipo zipsera zake zimatha kukoka retina mpaka kuimatula. Munthu amayamba kuona timadontho takuda toyandama, kenako chifunga.

Napoleone Ferrara ndi anzake anaizindikira VEGF mu 1989, ndipo mu 1994 ofufuza anaipeza yochuluka m'maso mwa odwala shuga amene mitsempha yotereyi inkamera. Lero madokotala amabaya m'diso mankhwala oletsa VEGF monga Avastin, amene poyamba anapangidwira khansa. Ena amalandira mankhwala ochepetsa kutupa, ena amawotchedwa ndi kuwala kwa laser. Zonsezi zimateteza bwino diso limene lisanawonongeke.

N'chifukwa chake alangizi azaumoyo ayenera kukumbutsa aliyense wodwala shuga kuti akayezetse maso chaka chilichonse, ngakhale akuona bwinobwino, ndiponso asamale BP. Ku Rustenburg, chipatala chachikulu cha boma ndi Job Shimankana Tabane, ndipo kalata yotumizira imachokera kukiliniki. Obwerera kumudzi angapite ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, atanyamula makalata awo onse akuchipatala.