Cifukwa cake ubongo wa foni unayamba kugawana nchito

Alimi ambili tsopano amamva mitengo ya cimanga ndi kulandila ndalama pa foni. Zonsezi zimacitika cifukwa ca kacipangizo kakang'ono ngati cikhadabo kochedwa purosesa. M'kati mwake muli khamu la tumaswichi, ma transistor, totsegula ndi kutseka njila ya magetsi.

Purosesa ya Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi tumaswichi 2,300. Ya m'foni yamakono ili ndi mabiliyoni. Mu 1974 Robert Dennard ndi anzake ku IBM anaonetsa kuti kaswichi kakacepa, kamafulumila ndipo kamadya magetsi ocepa. Kwa zaka pafupifupi 30 akatswili anali kungocepetsa, liwilo n'kumakwela. Mu 1997 IBM inalengeza kuti tumawaya ta m'kati tidzakhala ta mkuwa m'malo mwa aluminiyamu. Inde, citsulo comwe timakumba ku Copperbelt.

Koma zinthu zinafika pothina. Tumaswichi titacepa kwambili, magetsi anayamba kudontha ngakhale titatsekedwa, monga madzi amaboolela mthumbila wopyapyala m'dimba. Purosesa inayamba kutentha koopsa. Mu 2004 Intel inasiya purosesa imene inali kukonza, yochedwa Tejas.

Apa okonza anasintha nzelu. Mlimi akaona kuti ng'ombe imodzi singakoke kuposa pamenepo, saikwapula, amamanga ziwili pa joko. Mu 2005 Intel ndi AMD anatulutsa mapurosesa a makompyuta wamba okhala ndi zigawo ziwili zowelengela, zochedwa ma core, ciliconse cogwila nchito yake.

Komabe si nchito iliyonse imagawika, ndipo Gene Amdahl anacenjeza za ici kale mu 1967. Anthu khumi angapalile munda tsiku limodzi, koma mubwele ngakhale mpingo wonse, cimanga sicidzakhwima msanga. Gawo la nchito loyenela kucitika motsatana limacedwetsa ma core onse.

Nzelu imene ine ndiona kuti itithandiza kwambili kumudzi, kumene kucaja foni n'kolipila, ndi ya kampani ya ARM ya ku Cambridge. Mu 2011 inalengeza njila yophatikiza ma core amphamvu ndi ena aang'ono osadya batile. Foni ikangodikila uthenga, aang'ono ndiwo amagwila nchito, amphamvu ali gone.

Conco wamalonda akakuuzani kuti foni ili ndi ma core 8, mufunseni kuti amphamvu ndi angati. M'mafoni ambili ochipa ndi awili cabe, mwinanso palibe.