BWATO LOPALASA NDI MAPAZI: ZOKONZA MUNTHU ASANAPITE KU KARIBA

Munthu wa ku Kabwata kapena ku Chelstone amene afuna kuona madzi akuru sayenda ulendo wa masiku. Akanyamuka m'mawa pa mseu wa ku Kafue, natsika mapiri a ku Chirundu, napatukira kumanja, afika ku Siavonga dzuwa lisanapendeke. Pamenepo payamba nyanja ya Kariba, imene inabadwa pamene Zambezi anatsekedwa mu December 1958, ndipo utali wace upitirira makilomita 220. Wofuna kulondola gombe la ku Zambia, kupyola Chipepo kufikira Sinazongwe, m'kabwato ka munthu mmodzi, akhala pamadzi sabata lathunthu kapena kuposerapo.

Cinyanja ciri ndi mau amodzi, kupalasa, onena za njinga ndi za bwato zomwe, ndipo tsopano kuli bwato limene lagwirizanitsa ziwirizi. Azungu alicha pedal kayak. Kampani ya Hobie ya ku California inaturutsa makina ace mu 1997. Wokweramo aponda zopondera ziwiri, zopondera zikoka cheni ndi waya, ndipo pansi pa bwato zipsepse ziwiri za mphira zikupiza madzi monga mapiko. Mabwato ena ali ndi kapulopela m'malo mwa zipsepse. Ubwino wace ngwoonekeratu, pakuti miyendo iposa manja mphamvu, ndipo munthu ayenda makilomita monga 5 pa ola limodzi, manja ali omasuka kugwira mbedza. Koma nkhafi ndi mtengo umodzi cabe, pamene makinawa ali ndi tizitsulo tambiri, ndipo kali konse kangathe kuthyoka pa malo pamene palibe sitolo.

Anchito a m'migodi adziwa kuti mgodi wabwino uli ndi njira yaciwiri yoturukira. Woyenda pamadzi ayenera kuwerenga katundu wace ndi nzeru yomweyo, nafunse pa cinthu ciri conse kuti, ici cikafa, cinzace nciti?

Pa Kariba mdani woyamba wa makinawa ndi mitengo. Pamene madzi anadzaza cigwa ca Gwembe, Atonga pafupifupi 57,000 atasamutsidwa, nkhalango zambiri zinamira ciimire, ndipo mitengo youma ya tsanya ikali ciriri kufikira lero, ina poyera, ina yobisika pansi pa madzi pang'ono. Zipsepse zilendewera pansi pa bwato, cotero zigunda citsa cimene nkhafi ikadangodutsa pamwamba pace, ndipo kamtengo kacitsulo kogwira cipsepse kapindika. Nyanja ikaphwa, monga inacitira pa cilala ca 2024, zitsa zicuruka m'njira imene kale inali yoyera. Maukonde a asodzi ndi udzu woyandama nazonso zikola kapulopela. Cifukwa cace wapaulendo atenge cipsepse capadera ndi kamtengo kace, cheni ndi waya wina, cingwe ca ciongolero, manati ndi mapini angapo, girizi pang'ono, ndi masipanala oyenera.

Apa ndi pamene ambiri alakwa. Zitsulo izi sizifanana ndi za njinga zogulitsidwa ku Kamwala. Ziitanitsidwa kunja kwa dziko, ndipo munthu angadikire milungu. Manati ena a makina a ku America ayesedwa ndi mainchi, kotero kuti sipanala ya mamilimita iterereka ndi kuwadya m'mbali. Tsono kugula sikukwanira iai. Mwini bwato amasule makina onse pakhonde pa nyumba yace ku Woodlands, nawamangenso kawiri kapena katatu ndi masipanala omwewo amene adzanyamula, pakuti munthu woyamba kuphunzira nchitoyi pa mafunde ataya nati m'madzi, ndipo nati yomira sibwera. Atatero apite ku mtsinje wa Kafue tsiku limodzi, bwato litasenza katundu yense, kuti aone m'mene liyendera likalemedwa.

Ngakhale zonsezi ziripo, cinzace ceniceni ca makina ndi nkhafi. Ikhale yolimba, yomangiriridwa ku bwato ndi cingwe, ndipo mapewa a mwini wace akhale ozolowera. Bwato la zopondera nlotambalala ndi lolemera, ndipo amene sanaligwirire nkhafi ndi kale lonse atopa ola lisanathe. Pamodzi ndi nkhafi pakhale cokapira madzi, cimene cigubu codula pakamwa cikwanira, ndi tepi yolimba yomatira pobooka. Jekete yoyandamitsa ibvalidwa pathupi, siikhala pansi pa mpando.

Za lamya ya m'manja nzazifupi. Pali magombe ena pamene siigwira, ndipo madzi aiononga msanga. Iikidwe m'thumba losalowa madzi, ndi batire lapadera lodzazidwa tsiku lisanafike, popeza anthu a mu Lusaka akumbukira bwino m'mene magetsi anali kuzimira mu 2024. Zinzace za lamya ndi zinthu zosafuna batire: mapu a pepala okulungidwa m'pulasitiki, kampasi, wezulo, ndi kagalasi kowalitsira dzuwa kuti asodzi a kapenta aone patali. Matochi akhale awiri, macesi m'mabotolo awiri osiyana malo. Citupa naco cisatsale, pakuti malire a Zambia ndi Zimbabwe apita pakati pa nyanja, ndipo mphepo ingakankhire munthu kutsidya iye osafuna.

Cigwa ca Gwembe ncotentha kopambana Lusaka, makamaka mu October. Wopalasa amwa malita 4 kapena 5 pa tsiku, ndipo sangathe kunyamula a sabata lonse. Madzi a m'nyanja awiritsidwe, kapena athiridwe mankhwala oyeretsera. Neti ya udzudzu ndi mankhwala a malungo zikhale m'thumba louma. Mphepo iwomba kolimba mu August ndi September, ndipo Kariba autsa mafunde aafupi obwera motsatizana, obvuta kwa bwato laling'ono. Anzeru anyamuka m'banda kuca, nakoceza mphepo ikangoyamba. Pokoceza asankha gombe loyera losakhala ndi mapazi a mvuu, nagona kutali ndi madzi cifukwa ca ng'ona, ndipo sasamba kapena kutsuka mbale pa malo amodzi tsiku ndi tsiku.

Cotsalira ndi munthu wa kumtunda. Asananyamuke, wapaulendo alembere mbale wace mu Lusaka maina a madoko amene adzagonapo, masiku ace, mtundu wa bwato, ndi tsiku limene, mau akapanda kufika, mbaleyo ayenera kukauza apolisi a ku Siavonga. Pepala lina lotero alisiye kwa mwini malo pamene bwato lalowera m'madzi.