Kusankha Malire a Besi pa Subwoofer ya M'galimoto

Sipika imodzi siingathe kutulutsa bwino mawu onse a nyimbo, kuyambira kugunda kwa ng'oma yaikulu mpaka kulira kwa chisekese, n'chifukwa chake zoimbira za m'galimoto zimagawana ntchito. Subwoofer, yomwe ndi sipika yaikulu ya m'bokosi imene imaikidwa kubuti kapena kunsi kwa mpando, imasenza besi, pamene masipika a m'zitseko amatulutsa mawu a oimba ndi zida zina. Chogawa ntchitoyi chimatchedwa crossover, ndipo ndi sefa yamagetsi imene imalola mawu ena kudutsa n'kufooketsa ena. Malire ake amayezedwa mu hertz, mwachidule Hz, kutanthauza maulendo amene mpweya umanjenjemera pa sekondi imodzi, moti nambala ikachepa mawu amakhala okhuthala, ikachuluka amakhala okwera. Chingwe chokhuthala kwambiri cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz.

Pambali pa ampulifaya pamakhala kabatani kozungulira kolembedwa LPF, kamene kamalola mawu apansi okha kupita ku subwoofer, ndipo mnzake wolembedwa HPF amachita zosiyana, kutsekereza besi kuti isafike ku masipika a m'zitseko. Amisiri ambiri amayambira pa 80 Hz pa masefa onse awiri, nambala yomwenso kampani ya THX inaikhazikitsa pa zoimbira za kanema wa m'nyumba. Chifukwa chake chagona m'khutu la munthu. Funde limodzi la mawu a 80 Hz limatalika pafupifupi mamita 4.3, kuposa galimoto yonse ya Toyota Vitz, ndipo funde lalitali chonchi limafika m'makutu onse awiri mofanana kwambiri, kotero kuti womvera amavutika kudziwa kumene likuchokera. Zotsatira zake n'zakuti besi yochokera kubuti imamveka ngati ikutuluka kutsogolo limodzi ndi woimba.

Cholakwika chofala, chomwe chimamveka m'maminibasi ambiri, ndicho kupotokola kabatani ka LPF mpaka 150 Hz kapena kupitirira pofuna kuti bokosi ligunde mwamphamvu. Phokoso limachulukadi, koma mawu a mwamuna polankhula amayambira cha pa 85 mpaka 180 Hz, choncho gawo lina la mawu a woimba limasamukira kumbuyo, nyimbo imagawanika pawiri, ndipo besi imangokhala chimkokomo chosasiyanitsa ng'oma ndi gitala.

Komabe 80 Hz ndi poyambira chabe, pakuti amene amalamula malire enieni ndi masipika a m'zitseko. Kuti sipika itulutse mawu amphamvu yofanana pa theka la nambala ya hertz, chimbale chake chiyenera kuyenda mtunda wochuluka kanayi, ndipo apa m'pamene sipika yaing'ono imayamba kuphwephwetera kenako n'kung'ambika. Sipika ya mainchesi 6.5 yomangidwa bwino m'chitseko kawirikawiri imapirira pa 80 Hz, koma ya mainchesi 4, ngati imene imapezeka m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri, imafuna kutetezedwa ndi HPF pa 100 kapena 120 Hz, ndipo zikatero LPF nayo iyenera kukwezedwa kuti pakati pasatsale mpata wopanda mawu.

Sefa siidula mawu ngati mpeni, imangowachepetsa pang'onopang'ono, ndipo liwiro la kuchepako limalembedwa kuti 12 dB kapena 24 dB pa octave. Octave ndi mtunda wochoka pa nambala ina kufika pa kuwirikiza kwake, monga 80 mpaka 160 Hz, pamene dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu. Sefa ya 12 dB yoikidwa pa 80 Hz imalolabe mawu a 160 Hz kumveka ndithu, choncho nthawi zina imafunika kutsitsidwa mpaka 60 kapena 70 Hz, pamene ya 24 dB, monga ya mtundu wa Linkwitz-Riley umene Siegfried Linkwitz anaufotokoza mu 1976, imatseka msanga. Wailesi zambiri za Pioneer ndi Kenwood zili ndi masefa awo m'kati, ndipo kuyatsa sefa ya wailesi pamodzi ndi ya ampulifaya kumadula besi kawiri. Imodzi ndi yokwanira.

Manambala olembedwa mozungulira kabatani sakhala olondola kwenikweni, choncho khutu ndilo limamaliza ntchito. Wokonza ayenera kukhala pampando wa dalaivala, zitseko ndi buti zili zotseka, kabatani kowonjezera besi (bass boost) kali kozimitsa, n'kuika nyimbo imene amaidziwa bwino. Besi ikamamveka kuti ikuchokera kumbuyo, LPF itsitsidwe. Kugunda kwa ng'oma kukamamveka kopepuka, ikwezedwe pang'ono. Ngati besi ikufooka pamalire penipeni ngakhale manambala ali bwino, n'kutheka kuti subwoofer ikukankha mpweya pamene masipika akutsogolo akukoka, ndipo mankhwala ake ndi kabatani ka phase kolembedwa 0 ndi 180. Mbali imene besi ikumveka yodzadza pampando wa dalaivala ndiyo yolondola.