Lita Imodzi ndi Mabotolo Angati? Kuyeza Madzi a Thanzi ORS M'midzi

Paketi ya Thanzi ORS imasungunulidwa m'madzi okwana lita imodzi. Komatu m'nyumba zambiri za ku Nachisaka, monganso m'midzi ina ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, simupezeka jagi ya mizere ya muyeso. Mayi amayeza ndi botolo, kapu kapena chikho. Tikangonena kuti "lita imodzi" n'kusiyira pomwepo, ntchito yathu sinathe.

Lita imodzi ndi mamililita 1,000. Botolo lagalasi la Fanta kapena Coca-Cola ndi la mamililita 300, choncho atatu amapereka 900. Kuti lita ikwane, onjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo lachinayi. Chosavuta kwenikweni ndi botolo la madzi ogula la mamililita 500: awiri basi. Kapu musaidalire, chifukwa makapu amasiyana kukula nyumba ndi nyumba.

Kuchepetsa madzi n'koopsa kuposa kuchulukitsako pang'ono. ORS yomwe mabungwe a WHO ndi UNICEF amalimbikitsa imakhala ndi sodium wokwana 75 mmol pa lita. Paketi yomweyo ikathiridwa m'mabotolo awiri okha a Fanta, omwe ndi mamililita 600, sodium amafika 125 mmol pa lita. Mchere wochuluka chotere umakokera madzi m'matumbo, kutsekula m'mimba n'kumakulirakulira, ndipo khanda lingathe kukomoka nawo. Kholo lomwe likufuna mankhwala "amphamvu" lingachepetse madzi dala, ndiye ndi bwino kufunsa mmene lasungunulira musanaganize kuti ORS yakanika.

Pomwetsa, mwana wosakwana zaka ziwiri amapatsidwa mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse watsekula. Yemwe wayamba kutha madzi m'thupi amafunika mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola anayi. Wa makilogalamu 8 amafunika 600, omwe ndi mabotolo awiri aja. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24.

Pa mankhwala amadzi, supuni yaing'ono imawerengedwa mamililita 5, yaikulu 15. Masupuni a kukhitchini sakhulupirika, choncho gwiritsani ntchito sirinji yopanda singano kapena kakapu kobwera ndi mankhwalawo.

Chenjeraninso ndi galoni pa katundu wochokera kunja. Ya ku America ndi malita pafupifupi 3.8, ya ku Britain 4.5. Ndowa ya malita 20 ndi magaloni oposa 5 a ku America koma osakwana 4.5 a ku Britain, ndiye musanathire klorini sinthani kaye muyesowo ukhale m'malita.

Mukamayendera mabanja, pemphani chiwiya chomwe amagwiritsa ntchito, muchiyeze ndi botolo la mamililita 500 iwo akuona, ndipo mulembe mzere pomwe lita yathera.