Njinga ya ku Joni Inakwera Phiri Cifukwa ca Mwana Wodwala

Abale anga a ku migodi, ine ndine mmodzi wa inu, ngakhale cisoti ndinacibvula kale. Ndinapita ku Joni m'caka ca 1979 ndiri mnyamata wopanda ndebvu, ndipo ndinagwira nchito ya malayisha pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Carletonville, kupita ndi kubwera, kufikira 1988 pamene analeka kulemba anthu a ku Malawi. Katundu amene ndinabwera naye anatha kale. Suti inadyedwa ndi njenjete, gumbagumba inaleka kuimba, mabulangete ana anagawana. Cotsala ndi njinga ya Raleigh imene ndinagula mu 1983, ndipo nkhani yanga lero ndi ya njinga imeneyi ndi mwana wina wamwamuna.

M'komponi ndinali kugona cipinda cimodzi ndi munthu wa kwathu ku Bangula, m'boma la Nsanje. Tinali kudyera mbale imodzi, ndipo makalata ace ndinali kumlembera ndine, pakuti iye sanapite ku sukulu. Anamwalira zaka zapitazo ndi cifuwa ca pfumbi cija mucidziwa nonse. Anasiya mwana wamkazi amene amandichula Bambo kufikira lero, ndipo wodwala wa m'nkhani ino ndi mwana wa mai ameneyu. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 6.

M'mwezi wa April 2024 mwanayu anatupa tsaya. Tonse tinati ndi dzino. Koma mano anayamba kugwedera, ndi amene sanali oyenera kuguluka omwe, ndipo pasanathe masabata awiri tsaya linali ngati papaya, diso litakankhidwira m'mwamba. Mudziwa m'mene pamudzi pamakhalira zinthu zikatere. Ena anayamba kuloza zala, mbuzi imodzi inapita kwa sing'anga, masiku ali kupita. Potsiriza mai ace anamtengera ku cipatala ca kwathu, ndipo kumeneko anawatumiza ku Blantyre, ku Queen Elizabeth, kumene ife timati ku Gulupu. Adotolo anatenga kanyama pang'ono ndi singano, napima, nanena kuti ndi khansa yochedwa Burkitt.

NTHENDA YA KUMENE KULI UDZUDZU

Ndifuna ndikuuzeni za nthenda imeneyi, pakuti ambiri a inu munasiya ana ku nyanja, ku Cigwa ca Shire, ku Luangwa ndi ku Zambezi, ndipo kumeneko ndiko imakonda.

Dzina lace ndi la Denis Burkitt, dotolo wa ku Ireland amene anali kugwira nchito pa cipatala ca Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Iye ndiye analemba za nthendayi mu 1958, ataona ana ambiri otupa nsagwada mofanana. Mu 1961 iye ndi anzace awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford nayenda mamailosi 10,000 m'masabata khumi, kulowa m'zipatala zoposa 50, ndi za dziko lathu lomwe, lidakali Nyasaland. Anapeza kuti ana odwala cotere anali kucokera ku malo otsika, otentha ndi a cinyezi, koma ku mapiri kozizira anali osowa. Pambuyo pace kunadziwika kuti malo amenewa ndi omwe aja malungo sacokako. Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kacirombo m'zotupa zimenezi. Kacirombo kameneka anthu ambiri tiri nako osadwala, koma mwa mwana amene malungo amgwetsa kawirikawiri kamapeza mpata.

Imagwira makamaka ana a zaka 4 kufikira 7, anyamata koposa atsikana. Imaturukira pa nsagwada, pa diso kapena m'mimba. Pa makhansa onse a anthu palibe ina yokula msanga ngati iyi: cotupa cingathe kuwirikiza ukulu wace m'tsiku limodzi kapena awiri. Koma imamvanso mankhwala msanga. Ku maiko olemera ana 9 mwa 10 amacira. Ku Gulupu, kumene Professor Elizabeth Molyneux ndi anzace anagwira nchito zaka zambiri pa ana otere, analemba kuti ocira anali ngati theka. Zifukwa zina ndi kufika mocedwa, ndi kucoka mankhwala asanathe.

Apa ndi pamene panali msampha wathu. Mankhwala ku Gulupu salipiritsa, pakuti ndi cipatala ca Boma. Amaperekedwa m'zigawo, cigawo cina lero, cina patapita masiku, kufikira zonse zitakwana. Mwana uja atangolandira cigawo coyamba tsaya linayamba kuphwa, sabata isanathe. Atalandira caciwiri, tsiku lina madzulo ndinangoona mai ace atulukira pakhomo panga, mwana ali pambuyo.

Ndinati, "Mwanawe, kodi adotolo akumasulani?"

Anakhala pansi nati, "Iai Bambo, ndacoka ndekha. Onani tsaya, mwana wacira. Ndarama zandithera, sopo ndiribe, nkhuni za ku Blantyre nzogula. Anzace awiri ndinawasiya ndi agogo ao osaona bwino, thonje liri kugwera pansi m'munda. Ndikhalirenji kumeneko?"

Sindinathe kumdzudzula. Munthu amene sanadikirepo wodwala kutali ndi kwao angayese cipatala caulere ndi caulere ndithu. Koma wodikira amadya, amacapa, amakwera minibasi, ndipo tsiku liri lonse limene ali m'cipatala ndi tsiku limene sali m'munda kapena pa ganyu. Mwamuna wace anapita ku Mozambique kukafuna nchito, ndipo sanali kumveka. M'mawa mwace anamwino anaimba lamya ya mdzukulu wanga, pakuti ndiyo nambala imene mai uja anasiya, ndipo ananena mosabisa kuti cotupa cikaphwa sindiko kuti nthenda yatha. Mwana akalumpha zigawo zotsala idzabweranso, ndipo ikabweranso siimvanso mankhwala monga poyamba. Ndinagulitsa nkhuku zinai ndi thumba la mapira, ndipo tsiku lacitatu anakwera kubwerera. Koma ndinadziwa kuti nkhuku zinai sizifika patali.

CISOTI CA SIBONDA

M'masiku athu munthu akamwalira kapena akalandira kalata yoipa, sibonda wa cipinda anali kutenga cisoti nayenda naco bedi ndi bedi tsiku la malipiro, ndipo palibe anali kufunsa ngati wobvutikayo ndi Mnyasa, Mshangani kapena Msutu. Koma pamudzi palibe tsiku la malipiro. Mukayenda ndi mbale khomo ndi khomo mupeza onse ali ndi maliro ao ndi ngongole zao.

Nzeru inacokera kwa mdzukulu wanga uja. Anandionetsa pa lamya yace anthu a m'mizinda akupalasa njinga mtunda wautali kuti ena asonkhe ndarama za odwala. Njinga zao zopyapyala ngati udzu, zobvala zothina zoti munthu wamkulu sangaime nazo pamaso pa apongozi. Ndinaseka. Koma usiku ndinaganiza kuti anthu aja adziwa kanthu: munthu wopempha ali khale anthu amamlambalala, koma akamuona ali thukuta kamukamu amaima nafunsa kuti kwagwanji.

Tinapezana anthu khumi ndi mmodzi. Anai tinali madala a ku Joni, wamng'ono pa ife ali ndi zaka 61. Asanu ndi awiri anali anyamata a kabaza, amene anataya malipiro a masiku atatu cifukwa ca mwana wosakhala mbale wao. Tinatenga kalata kwa mfumu, ina ku polisi, ndi cikalata ca ku cipatala cosonyeza kuti mwanayo alikodi. Zitini zitatu tinaziboola pamwamba ndi kuzimanga ndi waya, mfumu ndi abusa ndi shehe akuona, pakuti funso loyamba la munthu ali yense linali lakuti, "Kodi ndaramazo zidzafika?" Funso limeneli sindikwiya nalo. Ambiri anadyeredwapo m'dzina la odwala. Mdzukulu wanga anatumizanso mau pa WhatsApp kwa ana a kwathu amene ali ku Rustenburg, ku Johannesburg ndi ku migodi ya malasha ya ku Moatize.

Tinanyamuka ku Bangula Lacisanu lina m'mwezi wa June, tambala woyamba atangolira. Kucokera kumeneko kufika ku Blantyre ndi mamailosi oposa 70. Tsiku loyamba silinabvute kwambiri, pakuti mseu wa m'cigwa ndi wosalala ngati mphasa. Pa Ngabu tinaima pamsika, mnyamata mmodzi wa mau akulu nakwera pa keriyala kufotokoza. Mai wina wogulitsa tomato anamasula mfundo ya nsaru yace naponya K200, nanena kuti wace anamwalira ndi cotupa ca m'mimba asanafike naye ku Blantyre. Sanafune kumva zikomo, anangobwerera pa tomato wace. Pa Nchalo odula nzimbe anali kuweruka, akuda ndi phulusa la m'munda monga ife tinali kuturukira m'keji, ndipo iwowa anaponya koposa eni masitolo. Bambo wina wa galimoto yabwino anatifunsa mafunso ambiri, nawerenga makalata onse atatu, natiyamikira kwambiri, napita osaponya kanthu. Tinagona pa sukulu ina kufupi ndi Dyeratu, machubu awiri ataphulika, cheni cimodzi citaduka.

Loweruka tinaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ndi kufika pa Thabwa. Amene munayendapo njira imeneyi mudziwa cimene cimayambira pamenepo. Cigwa ciri pansi penipeni, Blantyre ali pamwamba mamita 1,000, ndipo mseu umakwera mokhotakhota ngati njoka yothawa moto. Malole odzaza shuga amakwera akulira, munthu woyenda pansi nkuwapitirira. Njinga yanga iribe magiya. Ndinapalasa makhota atatu, pa lacinai miyendo inakana, cifuwa cinayamba kuimba mluzu. Ndinatsika ndi kuyamba kukankha.

Mnyamata wina anabwerera nati, "Agogo, kwerani pa keriyala yanga, njinga yanu tiikweza pa lole." Ndinayankha kuti, "Mwana wanga, njinga iyi inacokera ku Joni pa ndege ndi pa sitima, yakwera zokwanira. Lero iyenda ndi mwini wace." Kunena zoona kunali kuuma mutu cabe, ndipo tinacedwa nako maora awiri. Koma anyamata onse anatsika nakankha pamodzi nafe, ndipo anthu a m'minibasi poona madala anai ndi zikwangwani pamsana akukwawa pa phiri anayamba kuponya ndarama pa zenera. Kondakitala wina anasonkhetsa minibasi yonse natipatsa m'cipewa cace. Ndinaona kuti pamene tinali kuoneka obvutika kwambiri ndi pamene zitini zinalemera. Tiri pakati pa phiri ciperoni cinatipeza, kamvula kozizira kaja ka mwezi wa June, ndipo ife anthu a ku cigwa tinanjenjemera ngati anapiye. Pa Chadzunda amai ena anatiphikira tiyi ndi mbatata osalandira kanthu.

Tinafika pa Ginnery Corner dzuwa litapendeka. M'cipinda ca ana sanatilole kulowa tonse, ndipo anacita bwino, pakuti mwana wa pa mankhwala amenewa thupi lace silirimbana ndi matenda, cimfine comwe cingathe kumgwetsa. Ndinalowa ndekha nditasamba m'manja. Tsitsi linali litathothoka, m'kamwa muli zilonda, koma nkhope inali yace. Anandiyang'ana nati, "Agogo, mwabwera pa njinga ija?" Ndinati inde. Anati, "Nanga ikuti?" Mai ace anamnyamula kufika pa zenera kuti aione.

Zitini tinazitsegula Lolemba pabwalo la mfumu, titabwerera pa lole. Munali K287,350. Ana a ku migodi anatumiza pa Mukuru ndi pa lamya K340,000, ndipo ena a inu amene muli kuwerenga pano munaponyapo, zikomo kwambiri. Sitinapereke zonse m'manja mwa mai uja tsiku limodzi, ndipo iye mwini ndiye anapempha cotero, poopa abale amene amabwera kudzazonda akamva pfungo la ndarama. Mai wina wa ku mpingo anasunga buku. Tinalipira aganyu otola thonje, tinagula cimanga ca ana otsala ndi agogo ao, tinali kutumiza ya sopo, ndiwo ndi makala sabata ndi sabata, ndipo yotsala tinaisungira maulendo opita kukapimidwa. Pa mankhwala sitinalipire ngakhale tambala imodzi. Nchito yonse ya ndarama zija inali yakuti mai akhale pambali pa bedi kufikira adotolo atanena okha kuti pitani.

Pa bedi loyandikana panali mtsikana wa ku Mangochi wa nthenda yomweyi, amene amai ace anali kuphika mphika umodzi ndi mai wathu uja. Iwonso tsaya litaphwa anati akaone kunyumba, abwera Laciwiri. Sanabwere. Anamwino anaimba lamya kangapo, koma inali yozima. Mai wathu amawachulabe.

Tsono abale, mukalandira mau ocokera kumudzi akuti mwana watupa tsaya, mano ali kugwedera, diso laturuka kapena mimba yakula mwadzidzidzi, musadikire kutha kwa mwezi. Kongolani kwa mnzanu wa m'cipinda, mutumize ya ulendo tsiku lomwelo. Ndipo akakuuzani kuti waphwa tibwerere kumudzi, funsani ngati adotolo ndiwo anena, mutumizenso ya cakudya.

Mwana uja anamaliza zigawo zace zonse. Adotolo anati nthendayi ikafuna kubwera imabwera kawirikawiri caka coyamba cisanathe, ndipo caka cimeneco mai ace anali kumpapasa tsaya m'mawa muli monse asanamsambitse. Mu August 2025 anapita kukapimidwa ndipo sanampeze kanthu. Ali pa sukulu tsopano, mbali imodzi ya m'kamwa mano anamera mokhota. Akaweruka amabwera kwathu kudzapempha Raleigh. Pa cishalo miyendo siifika, tsono amalowetsa mwendo pansi pa mtanda napalasa cammbali, ndipo wandithyolera kale sipoko ziwiri.