Musanalandire Makiyi a Galimoto ya Lizi

Chaka chilichonse ena mwa ife amapita kunja kukapitiriza maphunziro, ndipo ena amakafika ku Andrews University, m'tauni yaing'ono ya Berrien Springs m'chigawo cha Michigan ku America. Kumeneko kulibe minibasi kapena kabaza woti mungoimika pamsewu, choncho posakhalitsa munthu amayamba kulakalaka galimoto. Nthawi ngati imeneyi m'pamene mumamva kuti mbale wina wa ku tchalitchi wamaliza digiri, akubwerera kwawo, ndipo akufuna munthu woti apitirize kulipira galimoto yake ya lizi. Galimotoyo ndi yatsopano ndithu, ndalama ya pamwezi ndi yochepa, ndipo palibe dipoziti. Musanavomere, ndi bwino kudziwa chimene mukulandira.

Ambiri mawu akuti lizi timawadziwira pa nkhani za malo. Pa galimoto tanthauzo lake ndi lomwelo: katundu ndi wa mwini, inu mukungomugwiritsa ntchito kwa nthawi imene mwagwirizana. Ku America lizi ya galimoto kawirikawiri imakhala ya miyezi 24 kapena 36. Mwini galimotoyo ndi kampani yobwereketsa, ndipo ndalama ya pamwezi kwenikweni ndi yolipirira kutsika kwa mtengo wa galimotoyo pamene mukuiyendetsa. Nthawi ikakwana mumabweza makiyi, kapena mumagula galimotoyo pa mtengo umene unalembedwa pachiyambi.

Kutenga lizi ya mnzanu ndi kulowa m'malo mwake pa mgwirizano womwewo, osasintha kanthu. Kampani iyenera kuvomereza kaye. Imafufuza mbiri yanu ya kabwezedwe ka ngongole, imene kumeneko amaitcha credit score, ndipo wophunzira wongofika kumene sakhala nayo. Makampani ambiri amalipiritsa ndalama yosinthira dzina, ena salola kusinthana m'miyezi yomalizira, ndipo ena salola n'komwe. Alipo enanso amene amasiya dzina la woyambayo likadali ndi udindo, moti inu mukalephera kulipira amakagwira iyeyo.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi mtunda. Lizi iliyonse ili ndi malire, nthawi zambiri mamailosi 10,000, 12,000 kapena 15,000 pachaka, ndipo mailosi iliyonse yopitirira imalipiridwa pobweza galimoto. Tiyerekeze lizi ya miyezi 36 yololedwa mamailosi 36,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 58,000. Mnzanuyo waiyendetsa miyezi 24 ndipo mita ikusonyeza 30,000. Ndiye kuti mwatsala ndi chaka chathunthu koma mamailosi 6,000 okha. Ulendo umodzi wa ku Chicago, kupita ndi kubwerera, umadya pafupifupi 200. Mukayenda mamailosi 12,000 m'chakacho, ndipo mgwirizano ukunena masenti 25 pa mailosi, mudzalipira madola 1,500 pamapeto. Mtunda umene unadzetsa ngongoleyo anayenda ndi mnzanu, koma bilu idzabwera m'dzina lanu.

Chachiwiri ndi kusamalira galimoto. Ambiri amaganiza kuti popeza galimoto ndi ya kampani, yokonza ndi kampaniyo. Sizili choncho. Pokhapokha mgwirizano utanena zina, kusintha oyilo, mabuleki, matayala ndi mawaipa ndi udindo wa woyendetsa, ndipo ayenera kutsatira ndondomeko ya sevisi imene opanga galimoto anaika. Walanti imakonza zimene zawonongeka chifukwa cha vuto la kufakitale, osati zimene zatha ndi ntchito. Walantiyo nayonso ili ndi malire. Ku America, Toyota ndi Honda amapereka walanti ya galimoto yonse ya zaka 3 kapena mamailosi 36,000, chimene chayamba kukwana, ngakhale kuti ya injini ndi giyabokosi imapitirira mpaka zaka 5 kapena mamailosi 60,000. Sevisi yaulere ya ToyotaCare sipitirira zaka 2 kapena mamailosi 25,000. Mu chitsanzo chathu chija, sevisi yaulere inatha kale, ndipo walanti yaikulu idzatha mutangoyendetsa theka la chaka. Woyamba anayendetsa galimoto pa nthawi imene sinkafuna ndalama. Inu mukuilandira matayala ndi mabuleki zili pafupi kutha.

Chachitatu ndi tsiku lobweza. Kampani imatumiza munthu kudzayendera galimoto. Amayeza mapanga a matayala, amayang'ana galasi lakutsogolo ngati lili ndi mng'alu, amaona pokalika, popindika ndi madontho pamipando. Sadzafunsa kuti anakala chitseko ndani. Pamwamba pa zimenezi makampani ambiri amalipiritsa ndalama ina yobwezera galimoto, yomwe imakhala madola mazana angapo. Kumbukiraninso kuti ku Berrien Springs kumagwa chipale chofewa chambiri chifukwa cha nyanja ya Michigan. Misewu amaithira mchere, ndipo nyengo yozizira ikamatha imakhala ndi maenje amene amawononga matayala ndi marimu.

Inshuwalansi nayo si yosankha mwini. Kampani imafuna yokwanira, yoteteza galimotoyo pa ngozi, kuba ndi moto, osati yotsika mtengo yongokwaniritsa lamulo. Michigan ndi chimodzi mwa zigawo zimene inshuwalansi ndi yodula, makamaka kwa wachinyamata amene laisensi yake ndi yatsopano m'dzikomo. Pamene zonsezi zikufuna ndalama, wophunzira wa viza ya F-1 amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali njira ina yachidule imene imakopa anthu a mpingo umodzi chifukwa chokhulupirirana: kungopatsana makiyi kampani isakudziwa, inu n'kumapereka ndalama kwa mnzanuyo mwezi ndi mwezi. Kumeneku n'kuphwanya mgwirizano. Iye akapanda kupereka ndalamazo ku kampani, galimoto imalandidwa ili m'manja mwanu, ndipo mukachita ngozi a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Chimodzimodzi ndi kupempha mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi kuti akusainireni ngati chikole: mukalephera, ngongole yonse imagwera iye ndipo mbiri yake imaipa. Maubale ambiri a m'tchalitchi amathera pa zinthu ngati zimenezi.

Sikuti kutenga lizi n'kolakwika nthawi zonse. Kwa munthu amene watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo safuna kudzavutika kugulitsa galimoto pobwerera kwawo, zikhoza kuthandiza. Chofunika ndi kuchita zinthu mwadongosolo. Pemphani mgwirizano wonse muuwerenge. Lamulo la Consumer Leasing Act la 1976 limakakamiza makampani kulemba poyera malipiro, udindo wokonza galimoto ndi chilango chosiyira panjira. Imbirani kampaniyo nokha. Werengani mita nokha. Funsani malisiti a sevisi. Pitani nayo kwa makaniko amene mwasankha inu, ndipo jambulani paliponse powonongeka musanasaine. Ngati matayala atha kapena mtunda watsala wochepa, uzani mnzanuyo akonze kapena aikepo ndalama. Kutero si kupanda chikondi.

Pomaliza khalani pansi ndi pepala. Phatikizani ndalama za miyezi yonse yotsala, inshuwalansi, mafuta, sevisi, matayala, ndalama yosinthira dzina ndi yobwezera galimoto, kenaka gawani ndi miyeziyo. Chiwerengero chimenecho ndiye mtengo weniweni wa pamwezi. Chiyerekezeni ndi zimene zimatsala mukabweza chakhumi, kulipira fizi, nyumba ndi chakudya. Ukapitawo umene timaphunzira pa Sabata umayesedwa pa pepala ngati limeneli. Ngati masamu sakutheka, muthokozeni mbaleyo ndi kumubwezera makiyi ake.