Za Cinyezi ndi Moto M'nyumba Nthawi ya Cisanu

Inu eni mabanja a ku Phalombe, tamverani. M'miyezi ya June ndi July mphepo ya ciperoni icokera ku Mozambique, nidza ndi nkhungu ndi mawawa patsinde pa Mulanje ndi Michesi. Pamenepo makoma anyowa, ndipo cimanga cicita cuku.

Cifukwa cace dzuwa likawala, yanikani mphasa ndi zopfunda, nimutsegule mazenera. Matumba a cimanga muwasanjike pa mitengo, asakhudze pansi kapena khoma.

Koma cenjerani ndi mbaula. Makala oyaka aturutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndi wosanunkha. Munthu amva mutu ndi cizungulire, nagona osadzukanso. Othani moto citseko ciri cotsegula, ndipo musanagone turutsani mbaula panja. Wina akakomoka, mumnyamulire kunja msanga, nimuthamange naye kucipatala.